Shopu ya mbewu pa boma: tirigu wawo ndamuvomereza, koma kabotolo ka ma gene kaja ayi

Anthu angapo akhala akundiimitsa panjira kuti aphunzitsi tirigu uja munatenga kuti ndipo zinatha bwanji, ndiye ndangoti ndilembe kamodzi aliyense awerenge yekha. Dzina la shopu sinditchula, ndi imodzi mwa mashopu a zaulimi a pa Mangochi boma pompa basi, chifukwa zina ndiwayamikira koma zina ndiwadzudzula.

Nkhani inayamba ndi mandasi. Mayi a kunyumba amakazinga mandasi ndi chapati, ndiye inu mukudziwa mmene fulawa anakwerera chiyambire nkhondo ya Russia ndi Ukraine mu 2022, kenako kwacha nkudzagwanso ndi 44% mu November 2023, thumba limene tinkagula mosaganiza kawiri linafika poti ukalipira umayamba waima kaye panja kupuma. Tirigu amene timadya kuno pafupifupi yense amachokera kunja, wathu ndi wochepa kwambiri, amalimidwa malo ozizira ngati ku Tsangano uko. Kuno kunyanja ayi, kutentha kwake tirigu sangapirire. Koma alamu anga ali ndi dimba kumtunda, mukakwera phiri lija kulowera ku Namwera, ndipo amene anagonako mwezi wa June akudziwa kuti kumeneko bulangete limodzi silikwana. Ndiye ndinati alamu, bwanji tiyese kagawo kochepa chaka chino tione. Iwo anaseka kaye koma anavomera, akuti bola feteleza ndi wanu.

Za shopuyo poyamba. Ndi yaukhondo, zimenezo ndisabise. Matumba a mbewu ali pa matabwa osati pansi pa simenti, mankhwala ali mbali yawo kutali ndi mbewu, ndipo lisiti amapereka osachita kupempha, amalembanso mtundu wa mbewu palisitipo. Amene munagulapo mbewu yopaka utoto pamsika ija, yooneka ngati yeniyeni koma ikamera nkukhala zina, mukumvetsa chifukwa chake ndikuyamikira kapepala chabe. Mbewu ya tirigu analibe pashelefu, ndipo sindinadabwe, ndani angasunge tirigu pa Mangochi. Anati atiitanitsira, sabata imodzi ifika. Inafika patatha masabata atatu. Apa ndiye panandipweteka ndipo mudzaona kutsogoloku kuti masabata awiri owonjezerawo anatidyera zambiri. Chabwino chake foni ankayankha, sanandithawe, ndipo itafika anandiimbira okha.

Tsiku lokatenga ndinapita ndi alamu. Tinatenga makilo 10. Tikuti tizituluka mnyamata wa pakauntala uja, waulemu bwino ndithu koma pakamwa pothamanga, anatulutsa kabotolo ka theka la lita nkuti bwana aphunzitsi aka musakasiye, chaka chino madzi ndi ovuta. Zinali zoona, chinali chaka cha El Niño chija, 2024, chimene boma linalengeza mu March kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi ya njala, mitsinje inaphwa msanga. Ndinafunsa kuti ndi chani. Akuti ndi opopera masamba, amadzutsa ma expansin gene mu tirigu, mbewu imapirira chilala ngakhale mutathirira mwa apo ndi apo. Alamu atangomva mawu oti ma gene anabwerera m'mbuyo nkuti iii ayi achimwene, za majini m'munda mwanga ayi, kkkk shopu yonse inafa ndi phwete mpaka bambo wina amene ankagula mankhwala a nkhupakupa anakhala pansi. Kuno kwathu ukati majini anthu amaganiza zina, ndinachita kuwamasulira panjira kuti si ziwanda, ndi timalangizo tobadwa nato timene tili mu chamoyo chilichonse, inu ndi ine tomwe.

Ine ndimaphunzitsa Biology ku sekondale, ndiye mawu oti expansin sanali achilendo kwenikweni koma sindinayembekeze kuwamva pakauntala ya shopu ya feteleza. Ndinayang'ana lebulo. Palebulo panalembedwa za ndere za m'nyanja ndi timichere tina ta mbewu, za expansin panalibe ngakhale pamodzi. Ndinati nanga zimenezi mwazitenga kuti, akuti amene amabweretsa katunduyo ndi amene anawauza choncho. Ndinagulabe. Musandifunse chifukwa, mwina kufuna kudziwa, mwina manyazi poti mwanayo anali atandiitana kale bwana aphunzitsi kasanu. Mtengo wake unali wokwana kugula nkhuku ziwiri zachikuda, ndipo mayi a kunyumba sanasiye kundikumbutsa za nkhuku ziwirizo mpaka lero.

Tsopano mundilole ndichite za ntchito yanga pang'ono, chifukwa popanda izi simumvetsa chimene ndikukanira kabotoloka.

Chomera chilichonse chinapangidwa ndi maselo, tizipinda tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso, ndipo selo la chomera lili ndi khoma kunja kwake, losiyana ndi lathu. Ife a kunyanja tiganize chonchi: tengani chibaluni chodzaza madzi muchikulunge mu ukonde wolimba womangidwa mfundo zothina. Madzi akukankha kuchokera mkati kufuna kuti chibaluni chikule koma ukonde ukukana. Ulusi wa ukondewo ndi cellulose, ndipo pali timaulusi tina timene timaumata kuti usasunthe. Kuti selo likule pamafunika wina woti amasuleko pogwirana paja pang'ono, ulusi utsetsereke, chibaluni chifutukuke, kenako selo liwonjezere ulusi watsopano. Womasulayo ndiye expansin. Ndi puloteni, ndipo chodabwitsa chake sadula ulusi ngati mpeni ayi, amangolekanitsa pamene ulusi wamatana, ukonde umakhala wathunthu. Amagwira bwino ntchito khomalo likakhala ndi kaasidi pang'ono, ndipo chomera chimadziwa chokha kuthira kaasidiko pamalo pamene chikufuna kukula. Anaitulukira mu 1992 ku yunivesite ya Penn State ku America, gulu la Daniel Cosgrove, ndipo anaipeza mu timbande ta nkhaka. Nkhaka zomwezi timadya ndi mchere.

Gwirani mfundo iyi chifukwa ndi pamene pagona nkhani: expansin amamasula ukonde, koma wokankha ndi madzi. Chibaluni chikakhala chopanda madzi masulani mfundo zonse mmene mungathere, sichikula.

Ndiye za chilala zikubwera pati? Apa mnyamata uja sananame kotheratu. Akatswiri anayesa pa chimanga, anapeza kuti dothi likauma kansonga ka muzu kamapitiriza kukula pamene masamba aima, ndipo kunsongako expansin amachuluka, khoma limafewa kwambiri kuti ngakhale madzi okankha achepe muzu uzitsikabe pansi kukasaka chinyezi. Muzu wake umakhala woonda koma wautali. Mlimi aliyense amene anazulapo phesi la chimanga chaka cha ng'amba anaziona izi ndi maso, kungoti dzina lake sankalidziwa. Ndiye kuti chomera chimachita kusankha, uku tsegula, uku tseka, masamba dikirani kaye mizu ipite. Si nkhani yodzutsa onse nthawi imodzi ngati belu la kusukulu.

Ku tirigu nkhaniyi ndi yaikulu kuposa pamenepo chifukwa tirigu wa buledi ndi mwana wa makolo atatu. Anachokera ku mitundu itatu ya udzu imene inakwatirana kalekale, ndiye ali ndi magulu atatu a ma chromosome, timitolo timene timasunga ma gene, amene amawatcha A, B ndi D, ma chromosome onse pamodzi 42. Gene imene chomera china chili nayo imodzi, tirigu nthawi zambiri amakhala nazo zitatu. Mapu onse a ma gene a tirigu anamalizidwa mu 2018, pa mtundu wina wotchedwa Chinese Spring, ndipo atawerenga a banja la expansin anapeza opitirira 200, pamene kaudzu kakang'ono kamene amakonda kuyesera mu labu, Arabidopsis, kali ndi 36 basi. Banjali lili ndi nthambi zinayi, EXPA, EXPB, EXLA ndi EXLB, ndipo zomera za mtundu wa udzu monga tirigu, mpunga ndi chimanga zili ndi a EXPB ambiri kuposa zomera zina. Ena amagwira ntchito m'mizu, ena m'masamba, ena mu njere ikamakula, ena amadzuka mbewu ikamva mchere m'dothi, ena kuzizira, ena ludzu. Ndiye munthu akandiuza kuti kabotolo kamadzutsa ma expansin gene ine funso langa ndi loti atiwo, mwa 200 aja, ndipo mbali iti ya chomera?

Awiri amene amatchulidwa kwambiri ndi TaEXPA2 ndi TaEXPB23, Ta ameneyo ndi chidule cha dzina la tirigu la sayansi, Triticum aestivum. Akatswiri a ku China anatenga ma gene amenewa nkuwaika mu fodya, eee fodya yemweyu wa ku maesiteti a ku Namwera, chifukwa fodya savuta kuyeserapo, ndipo fodyayo anachita mizu yambiri nkupirira ludzu kuposa mnzake wamba. TaEXPA2 anadzamuyesanso mu tirigu mwiniwake, atamukweza mphamvu, ndipo anapiriranso bwino. Palinso TaEXPA6 amene atamukweza mu njere yomwe ikukula njerezo zinatuluka zikuluzikulu. Zonsezi ndi zoona ndipo ndi zosangalatsa. Koma taonani mmene anachitira: anasintha chomeracho mkati mwake mu labu, ntchito ya zaka, si kuti anatenga sipuleya nkupopera masamba Loweruka m'mawa. Komanso tirigu aliyense ali nawo kale ma gene amenewa, wa ku Tsangano, wa ku Russia, ngakhale amene ali mu sikono mwadya m'mawayo anali nawo. Kugulitsa chinthu ponena kuti muli nkhani ya expansin kuli ngati kugulitsa chambo ponena kuti ichi ndi chapadera chimadziwa kusambira.

Kapambali pang'ono, poti ana asukulu amakonda aka: mungu wa chimanga, ufa wachikasu umene umagwa ku ngayaye uja, uli ndi expansin wambiri wa nthambi ya EXPB, amathandiza kuti mungu uboole njira mu ndevu za chimanga mpaka kukafika pa njere. Ndipo mapuloteni a mtundu womwewo mu mungu wa udzu ndi amene amayetsemulitsa anthu ena. Tomato akamapsa nkufewa, expansin alimonso. Mpunga wa m'madzi akuya umene umatalika msanga madzi akakwera, alimonso. Basi ndabwerera ku dimba.

Poti ndine mphunzitsi sindikanangopopera munda wonse nkumati zagwira kapena sizinagwire. Choyamba ndinayesa mbewu, njere 100 pa chiguduli chonyowa, zinamera 91. Pamenepo shopu ndaipatsa ulemu wake, mbewu inali yamoyo, yoyera, yopanda anankafumbwe, yosasakanikirana ndi zinyalala. Kenako tinapanga mabedi anayi ofanana, manyowa ofanana, feteleza wofanana, wokulitsa pobzala ndi urea pambuyo. Awiri tinkathirira masiku anayi alionse, awiri masiku asanu ndi atatu, ndipo pa awiri alionse limodzi tinkapopera za m'kabotolo monga mwa lebulo, linalo ayi. Ndikudziwa, mabedi anayi si kafukufuku, wa ku Bunda, koleji ya zaulimi ija, akhoza kundiseka, koma ndi kuposa kungokhulupirira za pakauntala.

Tinabzala kumayambiriro kwa June m'malo mwa pakati pa May mmene ndinkafunira, chifukwa cha kuchedwa kuja. Kumera kunali kokongola, mizere yobiriwira ngati mpunga wa kunazale, anthu odutsa ankaima kufunsa kuti mpunga wanji wobzala pouma. Mayi ena achikulire ndi amene anazindikira, akuti uyu ndi tirigu wa m'Baibulo uja. Alamu ndi amene ankakhala pafupi ndiye kuthirira kunali kwawo ndi thiredo pampu, ine ndinkakwera Loweruka lililonse ndi kope langa kukayeza ndi rula.

Zimene ndinaona ndi izi. Mabedi a madzi pafupipafupi anatulutsa ana ambiri paphando, anatalika, ngala zazitali. Mabedi a ludzu anafupika, masamba ankapindika masana, ana ochepa. Pakati pa lopopera ndi losapopera, kunena zoona masabata oyamba lopoperalo linkaoneka lobiriwira kwambiri pang'ono, ndipo sindikudabwa chifukwa mu botolomo muli timichere, tsamba likalandira limasangalala. Koma kutalika chimodzimodzi, kupindika masana chimodzimodzi. Ndinazula mapando angapo kumapeto kwa July kuona mizu, ndinatsuka bwinobwino mu beseni, ndipo apa ndi pamene ndinasangalala ngati mwana: a ku mabedi a ludzu mizu yake inali yoonda koma yotsika kwambiri poyerekeza ndi msinkhu wa chomeracho, opopera ndi osapopera omwe. Ndiye kuti ma expansin aja anali pantchito kale okha, osadikira kabotolo ka nkhuku ziwiri. Ndinajambula pa foni nkukaonetsa a Form 3, tsiku limenelo anamvetsera mpaka belu.

Chimene chinatipweteka kwenikweni si ludzu ayi koma kutentha. Tirigu amadana ndi kutentha nthawi imene akuchita maluwa ndi kudzaza njere, kukapitirira madigiri 30 mungu umaonongeka ndipo njere zimakhwima mokakamizika zisanadzaze. Ife chifukwa chobzala mochedwa nthawi yodzaza njere inakumana ndi September, mwera utasiya, dzuwa litayamba kulusa ngakhale kumtunda komweko. Ngala za mochedwa zinatuluka ndi njere zofota, zopepuka, ukapeta zina zimauluka ndi mankhusu. Masabata awiri aja akanakhalapo bwenzi zambiri zitadzaza kukadali kozizira. Ndiye mukaona ndikulimbikira za kuchedwa kwa oda musati ndi nkhani yaing'ono, pa tirigu kalendala ndi feteleza wachiwiri. Kuwonjezera apo mbalame. Abale mbalame zimakonda tirigu kuposa mapira, ana a alamu anatha mawu ndi kukuwa, tinamanga timapepala ta pulasitiki ndi zitini koma zinazolowera pa masiku atatu.

Pokolola tinamweta ndi chikwakwa, kupuntha pa lona ndi ndodo, kupeta ndi lichero, bedi lililonse thumba lake. Mabedi awiri a madzi ambiri anapereka pafupifupi kawiri ka a ludzu. Lopopera ndi losapopera kusiyana kwake kunali kochepa moti sikelo ya pamsika ikanatha kunama mbali iliyonse, ku madzi ambiri lopopera linaposa pang'ono, ku ludzu losapopera ndi limene linaposa pang'ono. Kumene ankati kabotolo kathandize kwenikweni, ku ludzu, ndi kumene sikanaoneke nkomwe.

Ndinabwerera ku shopu ndi kope langa, osati kukakangana koma kukawauza. Mnyamata uja kunalibe, ndinapeza bambo eni ake. Ndinawafotokozera zonse, za ukonde ndi chibaluni zomwe, anamvetsera osandidula, kenako anati aphunzitsi ife timangobwereza zimene atiuza obweretsa katundu, sukulu ya zimenezi sitinapite. Ndinati bambo ndi pomwepo pali vuto, chifukwa mlimi wa kumudzi akamva kuti ukapopera ukhoza kuchepetsa kuthirira achepetsadi, ndipo adzalira ndi iyeyo osati obweretsa katunduwo. Mankhwalawo agulitseni ngati chakudya cha masamba, zimene zalembedwa palebulo, pamenepo palibe bodza. Ndalama sanandibwezere ndipo sindinapemphe, koma anavomera kuti za kuchedwa kwa oda analakwitsa, akuti chaka chamawa ndidzanene mu March adzaitanitse msanga. Ndadutsako posachedwa kukagula mbewu ya tomato, ndinamva mwana uja akuuza kasitomala wina za kabotolo komweko, ulendo uno akuti kamabiriwitsa masamba, za ma gene sanatchule. Kaya poti anandiona pakhomo, kaya anasinthadi.

Ndiye kwa amene mukufuna nyenyezi: mbewu ndikupereka zinayi mwa zisanu, ukhondo ndi lisiti zisanu, kusunga nthawi ziwiri, malangizo a pakauntala ziwiri, kabotolo imodzi ndipo imodziyo ndi ya kubiriwira kwa masabata awiri kuja. Kugula mbewu kumeneko ndidzagulanso. Ngati muli kumtunda kozizira ndipo muli ndi madzi odalirika mpaka September yesani kagawo kochepa, bzalani mu May osapitirira, funsaninso alangizi a kwanuko za mtundu woyenera. Ngati muli kuno kunsi, ku Malombe kapena ku Makawa uko, ndalama yanu ikani ku mpunga kapena chimanga cha mthirira.

Za fulawa uja, tinakagayitsa ku chigayo wamba cha chimanga ndiye anatuluka wofiirira, wa gaga yemwe, osati woyera ngati wa m'sitolo. Mandasi ake okha analemera ngati mwala, makasitomala a mayi anafunsa ngati asintha wokazinga. Koma chapati ndiye ayi, fungo lake lokha ana anamaliza asanafike pa tebulo. Pano mayi amasakaniza kapu imodzi ya wathu ndi atatu a wogula, akuti choncho mandasi amafufuma bwino ndipo thumba logula limachedwa kutha. Kabotolo katsala theka, kali pawindo la ku khitchini, alamu akana kuti kasabwererenso kudimba kwawo.